Wopeza mavoti ambiri n'kuluza: mbiri ya nambala 270 ku America

Iyi ndi yaitali, ndiye amene muli otanganidwa ingoisungani, mudzawerenga tsiku lomwe mwera watseka nyanja.

Patapita masiku angapo chichitikireni chisankho cha ku America cha mu November 2024, ndinali padoko nditamasula injini ya Yamaha 40, wailesi ikulira m'bwato la pambali. Muulutsi anati Donald Trump wapeza 312, Kamala Harris 226. Kamnyamata kamene kamandigwirira masipana kanaima n'kufunsa kuti, "Achimwene, dziko lalikulu lonse lija ovota alipo 538 okha basi?" Tonse tinaseka. Koma nditati ndikayankhe ndinangoti "ndi mmene amachitira kumeneko," ndipo yankho lotere ine ndimadana nalo, chifukwa ndi lomwe amandipatsa eni maboti ndikawafunsa kuti pamalo pa bawuti amangirapo waya bwanji. Ndiye ndakhala ndikufufuza usiku, bandulo yapita ndithu, ndipo zomwe ndapeza ndi izi.

Tiyambe ndi mmene makinawo amayendera. Anthu oposa 150 miliyoni anavota mu 2024, koma mavoti awo salowa m'dengu limodzi ngati kuno. America ili ndi zigawo 50 zomwe amati ma state, iliyonse ili ndi gavanala wake ndi nyumba yake ya malamulo. State iliyonse imapatsidwa anthu angapo otchedwa ma elector, ndipo amenewa ndi amene amasankhadi pulezidenti mu December, anthu wamba atavota kale mu November. Nambala yawo imachokera ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, yomwe ili ndi zipinda ziwiri. Chipinda cha House chili ndi aphungu 435, ogawidwa potengera kuchuluka kwa anthu. Cha Senate chili ndi 100, awiri pa state iliyonse, kaya ndi yaikulu kaya ndi kachidutswa. Phatikizani 435 ndi 100, muwonjezere atatu a likulu la Washington DC, mupeza 538. Wofuna mpando apeze 270. Gulu limeneli ndi lomwe amati Electoral College, ngakhale si sukulu, ndipo silikumana n'komwe malo amodzi.

Pomwe pagona nkhani ndi apa. M'ma state 48, amene watsogola ngakhale ndi voti imodzi yokha amakokolola ma elector onse a state imeneyo. Ndi Maine ndi Nebraska zokha zomwe zimagawako. California ili ndi 54, Texas 40, Florida 30, Wyoming 3. Zili ngati ligi ya mpira. Timu ikawina 8-0 Loweruka n'kuluza 1-0 magemu awiri otsatira, zigoli ili nazo zambiri koma mapointi ndi atatu okha, inzake yomwe yawina 1-0 kawiri ili pamwamba. Kasanu m'mbiri yawo, mu 1824, 1876, 1888, 2000 ndi 2016, chikho chinapita kwa wa zigoli zochepa.

Nanga anazipangiranji chonchi? Apa tibwerere ku 1787, mumzinda wa Philadelphia, komwe amuna 55 anakhala miyezi pafupifupi inayi akulemba malamulo oyendetsera dziko. Nkhani yosankha pulezidenti inawazunguza mutu kuposa zambiri. Ena ankati Congress izisankha, ena n'kumati ayi, pulezidenti wotere adzakhala kapolo wa aphungu. James Wilson wa ku Pennsylvania anati anthu azivota okha basi. George Mason wa ku Virginia anakana, n'kuyerekeza zimenezo ndi kuuza wakhungu kuti asankhe mtundu wa nsalu. Mawu ake ndi onyoza, koma mukumbukire kuti nthawi imeneyo nkhani zinkayenda pa kavalo ndi pa ngalawa, mlimi wa ku Georgia sakanadziwa zambiri za munthu wa ku Boston. Ma state ang'onoang'ono nawonso ankaopa kumezedwa ndi aakulu.

Koma panali china chachikulu, chomwe James Madison, mwini akapolo wa ku Virginia yemwe pambuyo pake anadzakhala pulezidenti, ananena poyera pa 19 July 1787. Iye anavomereza kuti voti ya anthu onse ndiyo inali njira yabwino, koma anati ma state akummwera angaluze nayo, chifukwa anthu ambiri okhala kumeneko anali akapolo, ndipo kapolo sankavota. Kalembera wa 1790 anapeza akapolo pafupifupi 700,000 mwa anthu osakwana 4 miliyoni. Ku Virginia anali pafupifupi anayi pa anthu khumi aliwonse. Mukangowerenga mavoti, anthu onsewa sakuthandiza mabwana awo kalikonse. Koma msonkhanowo unali utagwirizana kale kuti pogawa mipando ya House, akapolo asanu aziwerengedwa ngati anthu atatu. Ndiye mukamanga nambala ya ma elector pa mipando ya House, mwini akapolo wavotera yekha, wavoteranso mitu ya anthu omwe akuwakwapula.

Tangoganizani msonkhano wa BVC pomwe mwini chilimira akuti, ine ndili ndi alovi khumi, ndiye dzanja langa likakwera muziwerenga asanu ndi awiri, koma aloviwo akhale panja. Komabe chitsanzochi n'chofewa, poti mlovi amalandira gawo lake ndipo akatopa amachoka, pomwe kapolo ankagulitsidwa pamsika, mwana kwina mayi kwina. Ife a ku Nkhotakota nkhani ya ukapolo si yachilendo, ngakhale athu ankawoloka nyanja kulowera ku Kilwa ndi Zanzibar, osati ku America.

Ndisanamizepo, akatswiri a mbiri amatsutsana pa izi. Ena amati ukapolo ndiwo unabala Electoral College, ena amati unali chifukwa chimodzi mwa zingapo, ndipo madodawo anali atatopa, ankangofuna kanthu koti onse asainire azipita kwawo. Ine ndikuona kuti zonse n'zoona. Chosatsutsika ndi zotsatira zake. Pa zaka 36 zoyambirira, zaka 32 pampando panali eni akapolo a ku Virginia, Washington, Jefferson, Madison ndi Monroe. Mu 1800 Thomas Jefferson anapeza ma elector 73, John Adams wakumpoto 65, ndipo ambiri amene anabwereza masamuwo amati popanda mitu ya akapolo ija Adams akanapitiriza.

Chisankho cha 1800 chomwecho chinaonetsa kuti injini yatuluka m'fakitale ili ndi vuto. Elector aliyense ankaponya mavoti awiri osanena kuti uyu ndi pulezidenti uyu ndi wachiwiri, ndiye Jefferson anafanana mphamvu ndi womutsatira wake yemwe, Aaron Burr, 73 kwa 73. Burr ataona mwayi sanafune kupatuka. House inavota maulendo 36 kuti Jefferson adutse. Anakonza pamenepo mu 1804, koma zina zonse anazisiya momwemo.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna muchisunge chifukwa tichifunanso kutsogoloku. Zija zoti wotsogola atenge ma elector onse sizili m'malamulo a 1787. Malamulowo amangoti state iliyonse isankhe ma elector ake m'njira yomwe nyumba yake ya malamulo yafuna. Poyamba ena ankagawa potengera madera, ena aphungu ankangosankha okha osafunsa anthu. Virginia inasintha mu 1800 kuti onse apite kwa munthu mmodzi, cholinga mwana wakwawo Jefferson asataye ngakhale mmodzi. Anzawo ataona anati nafenso sitingagawe zathu pomwe inu mukuunjika zanu, mpaka pofika 1836 pafupifupi onse anali atatengera. Madison mwiniwake atakalamba analemba kuti kugawa potengera madera ndiko kunali bwino. Zili ngati neti ya udzudzu panyanja pano. Aliyense akudziwa kuti ikutha nsomba, koma palibe wofuna kuyamba kuisiya mnzake akukokabe.

Za 1824 ndidutsa msanga. Anapikisana anayi, Andrew Jackson anatsogola pa mavoti ndi pa ma elector omwe, koma sanafike theka. Zikatero malamulo amati House isankhe, state iliyonse voti imodzi. Henry Clay, amene anathera pa nambala 4, anakankhira anthu ake kwa John Quincy Adams, ndipo Adams atalowa anamupatsa unduna waukulu woona zakunja. Jackson anakuwa kuti amudyera kuseri, anthu anamumvera chisoni, mu 1828 anawina mosavuta. Za mgwirizano wogawana mipando usiku ife sitifunika kuphunzitsidwa.

Chomwe chimandiwawa ndi cha 1876. Nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 inali itathetsa ukapolo. Malamulo anasinthidwa kuti munthu wakuda aziwerengedwa wathunthu, ndipo mu 1870 amuna akuda analoledwa kuvota. Asilikali a boma anali kummwera kuteteza zimenezi, akuda ena analowa mpaka mu Senate. Musasokonezeke ndi mayina a zipani. Nthawi imeneyo Republican chinali chipani cha Abraham Lincoln chomwe akuda ankavotera, Democrat chinali cha azungu akummwera. Samuel Tilden wa Democrat anaposa Rutherford Hayes wa Republican ndi mavoti pafupifupi 250,000, ndipo anali ndi ma elector 184, kutsala mmodzi yekha. Koma ma elector 20 anali pamkangano, ambiri a ku Florida, Louisiana ndi South Carolina, komwe mbali iliyonse inatumiza zotsatira zake. Ku South Carolina mavoti owerengedwa anaposa anthu oyenera kuvota. Ndipo kupambana kwa Tilden sikunali koyera, chifukwa magulu a azungu a mfuti ankaopseza ndi kupha akuda kuti asafike kovota.

Congress inapanga komiti ya anthu 15, asanu ndi atatu a Republican, asanu ndi awiri a Democrat. Mwadziwa kale mmene anavotera. Onse 20 anapita kwa Hayes, n'kuwina 185 kwa 184, kutatsala masiku ochepa kuti alumbire. A Democrat kuti asiye phokoso panali mtengo wake. Hayes atalowa anachotsa asilikali omwe ankateteza maboma a Republican kummwera, ndipo akuda anasiyidwa m'manja mwa omwe anali mabwana awo. M'zaka zotsatira anawalanda voti ndi msonkho wovotera, mayeso a kuwerenga, ndi chingwe pamtengo. Ku Louisiana mu 1896 akuda olembetsa kuvota anali oposa 130,000. Pofika 1904 anatsala 1,342.

Tsono onani masamu ake. Kale mzungu wakummwera ankapeza atatu pa akuda asanu osavota. Tsopano akupeza asanu pa asanu, akudawo osavotabe. Ukapolo utatha, mphamvu zake mu Electoral College zinachita kukwera. Kukanakhala kuti akuwerenga mavoti a dziko lonse, state yoletsa theka la anthu ake kuvota ikanadzidula yokha mphamvu ndi theka. Ndi ma elector, kaya avota anthu miliyoni kaya avota khumi, nambala ndi yomweyo. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake kummwera ankauteteza mchitidwewu ngati mwana wobadwa yekha.

Mu 1888 Grover Cleveland anatsogola pa mavoti koma analuza kwa Benjamin Harrison, n'kudzabwezera mu 1892. Kenako panadutsa zaka zoposa 100 zisanachitikenso, anthu n'kumaiwala.

Amene anawadzidzimutsa ndi George Wallace mu 1968. Uyu anali gavanala wakale wa Alabama, wotchuka ndi kukana kuti akuda ndi azungu aziphunzira limodzi. Lamulo loteteza voti ya akuda linali litangodutsa mu 1965, ndipo iye anaima payekha akudziwa kuti sawina. Pulani yake inali yoti Richard Nixon ndi Hubert Humphrey onse alephere kufika 270, kenako iye agulitse ma elector ake kwa amene angavomere kubweza m'mbuyo ufulu wa akuda. Anatenga ma state asanu ndi ma elector 46. Nixon anapulumuka ndi 301, koma pa mavoti anangosiyana ndi Humphrey pafupifupi 500,000 mwa 73 miliyoni. Dziko linaona kuti latsala pang'ono kugwidwa pakhosi ndi munthu mmodzi.

Ndiye apa ndi pomwe anafika pafupi kwambiri. Seneta Birch Bayh wa ku Indiana ndi phungu Emanuel Celler wa ku New York anabweretsa bilu yothetsa Electoral College. Inkati wopeza mavoti ambiri m'dziko lonse awine, bola afike 40 pa 100 aliwonse, apo ayi awiri apamwamba abwereze. Kafukufuku ankaonetsa kuti anthu pafupifupi asanu ndi atatu pa khumi akufuna. Mu September 1969 House inavomereza, 338 kwa 70, zipani zonse ziwiri limodzi. Nixon naye anati ali pambuyo pake. Koma mu Senate muli mwambo wotchedwa filibuster, woti kagulu kangathe kumangolankhula osaleka kuti voti isachitike, ndipo nthawi imeneyo kuti muwakhazike chete pankafunika magawo awiri mwa atatu a maseneta. Otsogolera anali akummwera omwe aja, Strom Thurmond, Sam Ervin, James Eastland, mothandizidwa ndi ena a ma state ang'onoang'ono. Pa 17 September 1970 ofuna kutseka mkangano anali 54, okana 36. Ambiri ndithu, koma osakwana. Bilu inafera m'mazira. Bayh anayesanso mu 1979, inapeza 51 kwa 48, osakwanabe. Chodabwitsa ulendo umenewo n'chakuti atsogoleri ena a akuda, monga Vernon Jordan, anaikira kumbuyo Electoral College, poona kuti akuda a m'mizinda ikuluikulu yakumpoto akhoza kupendeketsa state yonse. Aliyense amayang'ana kaye mbale yake.

Za 2000 akuluakulu ena pano akuzikumbuka. Al Gore anaposa George W. Bush ndi mavoti oposa 500,000 m'dziko lonse, koma zonse zinatsamira pa Florida ndi ma elector ake 25. Kumeneko anavota anthu pafupifupi 6 miliyoni, kusiyana kunali 537. Anthu ake sangadzaze n'komwe Ilala ulendo umodzi ndi theka. Madera ena ankavota pobowola khadi, ndiye maloya anakhala masabata asanu akukangana ngati kachipepala kolendewera pabowo ndi voti kapena ayi. Gavanala wa Florida anali mng'ono wake wa Bush. Pa 12 December khoti lalikulu, majaji asanu kwa anayi, linaimitsa kuwerenganso. Bush 271, Gore 266.

Mu 2016 Hillary Clinton anaposa Trump ndi mavoti pafupifupi 2.9 miliyoni, koma Trump anatenga Michigan, Wisconsin ndi Pennsylvania ndi mavoti osakwana 80,000 kuphatikiza zonse zitatu, mpando n'kutenga. Trump yemweyo mu 2012 analemba pa Twitter kuti Electoral College ndi tsoka pa demokalase, atawina nayo anati ndi nzeru zakuya. Musamuseke yekha. Mu 2004 Bush anatsogola ndi 3 miliyoni, koma anthu pafupifupi 60,000 a ku Ohio akanasintha maganizo, John Kerry wa Democrat akanalowa ndi mavoti ochepa, ndipo sindikukhulupirira kuti a Democrat akanakana mpandowo. Mu 2020 Joe Biden anatsogola ndi 7 miliyoni, komabe mavoti pafupifupi 44,000 a ku Arizona, Georgia ndi Wisconsin akanapita kwina zikanathera 269 kwa 269.

Nanga osangosintha malamulo bwanji? Chifukwa pamafunika magawo awiri mwa atatu m'zipinda zonse ziwiri, kenako ma state 38 mwa 50 avomereze. Mabilu oposa 700 okhudza nkhaniyi aperekedwa chiyambire, ndipo lero zipani ziwirizi sizingagwirizane ngakhale pa mtundu wa thambo.

Ndiye 2000 itadutsa, aphunzitsi ena a zamalamulo anati, ngati bawuti yakana kumasuka tilowere mbali ina. Mukukumbuka zija ndinati musunge, zoti state imapereka ma elector ake mmene ikufunira? Mu 2006 John Koza, katswiri wa makompyuta amene anathandiza kupanga makhadi opala a lotale, anayambitsa ndi anzake mgwirizano wotchedwa National Popular Vote Interstate Compact. State yolowamo imakhazikitsa lamulo loti ma elector ake onse azipita kwa amene wapeza mavoti ambiri m'dziko lonse, kaya kwawoko wawina kaya waluza. Koma lamulolo limagona kaye mpaka olowa atakwana ma elector 270. Akadzakwana, wotsogola pa mavoti a dziko lonse adzakhala ndi 270 m'thumba, Electoral College idzakhalapobe papepala koma ngati injini yomwe achotsa pulopela. Maryland ndiyo inayamba mu 2007. California inalowa mu 2011, New York mu 2014. Ku Colorado otsutsa anaitengera ku referendamu mu 2020, anthu n'kuisunga. Minnesota inalowa mu 2023, Maine mu 2024, n'kufikitsa ma state 17 ndi Washington DC, ma elector 209. Pofika kumapeto kwa 2024 kunali kutatsala 61.

Nzeru yake ndaigomera, koma monga makaniko ndiyenera kukuuzani pomwe pakudontha. Onse amene alowa ndi ma state ozolowera kuvotera Democrat, ndiye a Republican amauona ngati msampha. Tsiku lomwe udzayambe kugwira ntchito, m'mawa mwake udzakhala uli kukhoti, poti malamulo a 1787 amati ma state akamapangana mapangano Congress ivomereze, ndipo maloya sagwirizana ngati apa zikukhudza. America ilibenso bungwe limodzi loyendetsa chisankho ngati MEC, state iliyonse ili ndi malamulo ake a kalembera, masiku ndi kuwerenganso, ndiye kusiyana kukadzakhala kochepa mudzawerenganso kuti, kusiya kuti? Chinanso ndi mtima. Mu 2024 Trump anatsogola pa mavoti a dziko lonse. Mgwirizanowu ukanakhala ukugwira ntchito, ma elector 54 a California, komwe anamukana kwambiri, akanapita kwa iye. Kusaina n'kosavuta, koma tsiku lopereka nsomba zako kwa mdani wako ndi lomwe tidzadziwe amene anasaina ndi mtima wonse.

Oikira kumbuyo Electoral College ali ndi mfundo zawo ndipo si zopusa. Amati imakakamiza wopikisana kufuna anthu a madera osiyanasiyana, osangodalira mizinda ikuluikulu. Amatinso mkangano ukabuka umathera mu state imodzi ngati Florida, osayatsa dziko lonse. Yachiwiriyi ndikuimva. Yoyambayo ndiyo sindikuiona ikuchitika. Mu 2024 misonkhano ndi ndalama za kampeni pafupifupi zonse zinathera m'ma state asanu ndi awiri okayikitsa, Pennsylvania, Michigan, Wisconsin, Georgia, North Carolina, Arizona ndi Nevada. Ku Wyoming, komwe amati akutetezedwa, sikupita munthu, poti aliyense akudziwa kale kuti ndi a Republican. Ndipo ovutika si a chipani chimodzi. Mu 2020 anthu oposa 6 miliyoni anavotera Trump ku California, kuposa amene anamuvotera ku Texas, koma pa ma elector onsewo anabala ziro. Mlimi wa Republican wa ku California ndi wakuda wa Democrat wa ku Mississippi ali m'bwato limodzi, amavota podziwa kuti voti yawo ithera pa malire a state.

Zomwe akulimbira anzathuwa ife tinali nazo kuyambira 1994. Voti ya mayi wa ku Chizumulu ndi ya bwana wa ku Area 10 zimalowa m'dengu limodzi, kulemera kofanana. Koma ifenso tinaphunzira kuti dengu limodzi palokha silikwanira. A Bingu wa Mutharika analowa mu 2004 ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100, a Peter Mutharika chimodzimodzi mu 2014. Mu 2019 MEC inalengeza a Mutharika ndi 38 ndi kanthu, a Chakwera 35, a Chilima 20, kutanthauza kuti anthu asanu ndi mmodzi pa khumi sanavotere wolengezedwayo. Aphungu anali atakana bilu ya 50+1 mu December 2017. Zinatengera majaji asanu aja pa 3 February 2020, pa mlandu wa Tippex, kunena kuti mawu oti ambiri m'malamulo athu amatanthauza kuposa theka, khoti la Supreme n'kuvomereza mu May, ife n'kubwereranso pamzere pa 23 June. Ndatchula izi chifukwa mgwirizano wa Koza ulibe 50+1, ulibe ngakhale 40 ya Bayh ija. Wotsogola ndi wotsogola basi. Panopa zipani zazikulu n'ziwiri ndiye sizioneka, komabe Bill Clinton analowa mu 1992 ndi 43 pa 100 pomwe panali wachitatu wamphamvu. Atadzaima anayi amphamvu, America ikhoza kudzalawa 36 yathu ija.

Ndipo mantha oti chigawo cha anthu ambiri chizingosankhira ena onse, omwe abale athu akumpoto amawadziwa bwino, ali ndi mankhwala ena osafuna ma elector. Ku Kenya wopambana apose theka komanso apeze 25 pa 100 m'makaunti osachepera 24 mwa 47. Ku Nigeria apeze 25 pa 100 m'magawo awiri mwa atatu a ma state. Voti ya aliyense imalemera mofanana, koma sungalowe ndi kwanu kokha.

Kamnyamata kaja nditakafotokozera zonsezi kanafunsa kuti 61 otsalawo achokera kuti. Tinawerengera pamchenga. Pennsylvania 19, Michigan 15, Virginia 13, Wisconsin 10, Nevada 6, zonse 63, kuphatikiza 209 ikukwana 272. Papepala zatheka. Koma anayi mwa asanuwa ndi ma state okayikitsa aja, omwe chaka cha chisankho amalandira misonkhano, ndalama ndi malonjezo onse, ndiye mukuwapempha kuti asaine zosiya kukhala mkwatibwi. Ku Nevada aphungu anavomereza mu 2019, gavanala wa Democrat yemwe n'kukana kusaina, ati state yaing'ono ngati yawo ingataye mawu. Komanso manambalawa sakhazikika. Kalembera wa 2020 anachotsera California elector mmodzi, New York mmodzi, n'kuwonjezera Texas awiri ndi Florida mmodzi, chifukwa anthu akusamukira kummwera. Wa 2030 akadzapita mbali yomweyo, nambala ya ma elector a mgwirizanowu idzatsika yokha popanda wotulukamo.

Amene mukuona kuti ndaphonya penapake ndiyankheni pagulu pompano, osati kuseri. Ndipo achimwene a Yamaha 40 ija, mapulagi ndasintha, yalira bwinobwino, bwerani mudzatenge nyanja isanachite bata.